Timaudzu ta a Mbewe Powolokera

Mpaka lero amuna anga amadziwa kuti tsiku limene mwana wathu Tadala anadwala malungo ndinazungulira ku mlatho. Ndinawanamiza. Ndinawoloka mtsinje wosefukira, mwana ali kumsana.

Ndikamva fungo la fodya wouma m'chigafa ndi thukuta la ng'ombe, ndimakumbukira a Mbewe, oyandikana nafe ku Chisemphere, amene ankayendetsa ngolo uku akutukwana ng'ombe zawo ndi mayina a alamu awo. Chaka china cha makuponi, ndili sitandade faifi, mvula inatipeza tili pa ngolo yawo tikuchokera kokatenga feteleza wa amayi, matumba awiri okha, omwe akananyowa ndiye kuti chaka chonse ndi njala. Powolokera madzi anali ofiira. Anthu amene anaunjikana pamenepo ankati tidutse pakati, pomwe pankaoneka bata. A Mbewe anazula udzu wouma, kuuthyolathyola utali wa machesi, n'kuumwaza pamadzi.

Abambo ena anaseka, ati mkuluyu wayamba kuombeza. A Mbewe anangondikoka dzanja kuti ndione. Kumunsi, pomwe madzi ankasokosera pamiyala, timaudzu tonse tinagona moloza kumodzi ngati mizere ya m'munda. Pabata paja timaudzuto tinayamba kuzungulira, tina kuimirira chamutu, kenako n'kumira.

"Tsamba limangoyandama, mwanawe," anatero, "koma kanthu kakatali kamaloza. Pomwe kaimirira, pansi pali dzenje."

Ngolo inadutsa paphokoso pomwepo, matumba osakhudza madzi. Bambo wina wa njinga amene anakakamira pakati anatuluka yekha, njinga n'kuipeza mawa lake m'bango, ndipo a Mbewe akakumana naye ankamufunsa ngati njingayo inaphunzira kusambira.

Ine ndili ndi satifiketi ya ku koleji, koma ndine wamantha, mwana akangotsokomola mtima uli m'mwamba. Tsiku limenelo thupi la Tadala linali moto, maso atatembenuka, chipatala chili tsidya lina la mtsinje, ndipo ku mlatho ndi ulendo wa maola atatu. Ndinamwaza udzu kawiri, ndipo kawiri konse unagona moloza kumodzi pamalo omwewo. Ndinalowa pomwepo, madzi akufika m'chiuno, mpaka ndinaponda tsidya. Anamwino anati ndikanachedwa pang'ono bwenzi tikunena zina.

Pano Tadala akuthamangitsa nkhuku za eni. Ndikamuona ndimadzitama mumtima, sindibisa. Komabe phazi limodzi likanaterereka tikanapita tonse awiri, bambo ake akuganiza kuti tazungulira ku mlatho. Amayi anzanga, inu mukanakhala ine mukanazungulira? Nanga amuna angawo ndiwauze?