Lachinayi la Mayi Sellah

Mukafika pakachipatala ka mpingo kamene kali m'mphepete mwa esiteti ya tiyi, panjira ya ku Khonjeni, woyamba kukumana naye ndi mayi Sellah Nathaya. Amakhala pawindo, magalasi ali pamphuno, ndipo samwetulira wamba. Musawaope, ndi nkhope chabe. Ntchito zawo ndi ziwiri: kukonza kuti nesi uti agwire tsiku liti, ndi kutumiza mabilu ku esiteti, poti wantchito akadwala imalipira ndi kampani.

Iwowa anakulira kukomboni. Mayi awo anathyola tiyi mpaka msana kupindika. Sellah anafika Folomu 4 chifukwa achimwene ake, a Zakeyu, anasiya sukulu n'kubereka dengu kuti fizi ipezeke. Zimenezi Sellah saiwala, ndipo safuna kuti wina aiwale.

Chaka china a Zakeyu mutu unasokonekera. Tulo tinatha, anayamba kukangana ndi mitengo ya bulugamu, kenako anapezeka pakati pa tiyi alibe malaya. Abale, posowa chochita, anawamanga ndi chingwe cha mbuzi. Amene anawamasula ndi a Goodson, nesi wa matenda a maganizo, amene ankabwera panjinga yamoto Lachiwiri lililonse. Jakisoni kamodzi pamwezi, kucheza pang'ono, basi munthu anabwerera kumunda ngati kale.

Koma esiteti ili ndi lamulo lake. Wopita kuchipatala atenge kapepala kwa kapitawo, apo ayi kampani silipira, ndipo malipiro a tsikulo amudula. Kapepalako amapempha m'mawa, gulu lonse lili pomwepo ndi madengu. Nanga ndani sankadziwa kuti Lachiwiri ndi tsiku la chiyani? Kupempha kapepala Lachiwiri kunali kudzilengeza wekha kuti ndiwe wamisala, ndipo pofika kusikelo yoyezera tiyi nkhani yafika kale kwa apongozi. Anthu anayamba kuzemba. A Goodson ankangokhala m'chipinda kuingitsa ntchentche. A Zakeyu nawonso anakana kwamtuwagalu, moti a Goodson ankawabayira kunyumba kwa Sellah pobwerera, mwachifundo chabe.

Tsiku lina a Benard, oyang'anira chipatala, anamuitana Sellah. Si munthu woipa, a Benard, kungoti mutu wawo umakhala pa malipiro a anthu.

"Mayi Nathaya, nesi wopanda odwala ndimulipira ndi chiyani? Mwezi wamawa a Goodson asiye kubwera."

Sellah anaganiza za a Zakeyu. A Goodson akachoka, jakisoni ndiye kuboma, ulendo wa kabaza ndi minibasi, ndipo ankawadziwa achimwene ake kuti sangapite. Chotsatira chinali chingwe chija.

"Odwala alipo, bwana. Akuopa maso a anthu. Ndipatseni miyezi iwiri."

Sellah anayamba ndi kuwaika a Goodson Loweruka masana, anthu ataweruka. Abale inu, kunabwera anthu! Ena anachokera mpaka ku Khwethemule, mayi wina atagwira mwana wake wamkulu padzanja ngati kamwana. Koma Loweruka masana kapitawo ali kumowa, kapepala kulibe, ndipo esiteti inabweza mabilu onse. A Benard anangotambasula manja. Mwezi umodzi unapita choncho.

Nzeru inabwera Sellah ali pawindo pomwepo, akumvera phokoso la Lachinayi. Limeneli ndi tsiku la BP ndi shuga, matenda amene anthu a kuno amachita kunyadira. Munthu amapempha kapepala mokweza, n'kuwonjezera kuti yake ndiye yokwera kuposa ya aliyense. Sellah anasuntha a Goodson kuwaika Lachinayi. Benchi limodzi, khomo limodzi, ndipo mkati anapachika nsalu. Ukalowa, kaya wakhotera kumanja kaya kumanzere, akudziwa ndi iwe ndi Mulungu wako.

Chinamuwawa ndi chimodzi. Lachinayi masana ndi la Mvano, ndipo kwa zaka zambiri Sellah ankatseka windo dzuwa lili pamutu, kuvala bulauzi yoyera, n'kupita kukayambitsa nyimbo, poti mawu anapatsidwa. Tsopano ndi odwala a mitundu iwiri pakhomo limodzi, windo silikanatsekedwa mpaka madzulo. Anaipinda bulauziyo n'kuiika pansi pa sutikesi. Amayi anzake anati ntchito yamulowa m'mutu, ena anati wayamba kunyada. Nanga akanawauza chiyani osaulula za anthu? Analira kubafa, kenako anasamba kumaso.

Mwezi umenewo a Goodson anasowa ndi nthawi yomwera tiyi. Mapepala anabwera, esiteti inalipira, ndipo a Benard analemba okha dzina la a Goodson pa ndandanda ya mwezi wotsatira. Koma anawonjezera mawu: mankhwala asatulukenso pachipatala, wofuna jakisoni abwere pabenchi ngati aliyense.

Sellah anakawauza achimwene ake. Anawapeza akunola chikwanje kuseri kwa nyumba.

"Achimwene, ndi Lachinayi likubwerali. Palibe amene adziwe."

A Zakeyu anangoyesa chikwanje ndi chala.

Lachinayi linacha ndi chiperoni, kamvula kosatha kaja kolowa m'mafupa. Sellah ankadinda mapepala maso ali kumsewu. Dzuwa linapendeka, benchi linayamba kuchepa anthu, kutchalitchi kunamveka nyimbo imene wina anaiyamba mokweza kwambiri. A Goodson anasuzumira kawiri, n'kubwerera osafunsa. Sellah anachita mantha enieni, mpaka anasokoneza dzina la mayi amene amamudziwa kuyambira ali ana.

Kenako pawindo panaima munthu, pulasitiki yothyolera tiyi ikadali m'chiuno, madzi akuchucha m'chipewa. Anatulutsa kapepala m'kati mwa malaya, kouma bwinobwino, n'kukalowetsa ndi manja awiri.

"Ndapempha ndekha, achemwali. Pamaso pa onse."

"Ndiye akapitawo anati chiyani?"

"Anati, 'BP imeneyi itimaliza, a Zakeyu, pitani msanga.' Anangondichedwetsa ndi sikelo."

Anaseka, kuseka kwa pansipansi kumene Sellah anali atakuiwala. Sellah anatenga chidindo n'kudinda chozondoka. Anavula magalasi ngati akupukuta nthunzi.

"Kakhaleni pabenchi, achimwene. Akuitanani."

A Zakeyu anapita, anapereka moni kwa amayi awiri amene anatsala, n'kuwapempha kuti asendere pang'ono. Amayiwo anasendera osawayang'ana n'komwe, n'kupitiriza nkhani yawo ya mtengo wa feteleza.