Chitsime cha a Telala ndi utoto wobiriwira

A Telala asoka zovala pakhonde pawo moyo wawo wonse, koma mukawafunsa chimene amanyadira satchula suti kapena diresi la ukwati. Amakukokerani kuseri kwa nyumba, n'kuchotsa lata lovundikira, n'kukuuzani kuti musuzumire. Chitsimecho anakumba okha adakali ndi mphamvu, chaka chimene akuluakulu a zamadzi anabwera pa magalimoto, kuyeza msewu, kulonjeza mipopi, n'kupita. Mipopiyo mpaka lero idakali m'njira.

Mavuto anayamba pamene mlamu wawo, mchimwene wa akazi awo, anamanga nyumba pafupi, chakumunsi pang'ono. Mlamuyo ndi kalipentala, munthu woti akaona mnzake ali ndi mpando wa miyendo inayi, iye amakhoma wa miyendo isanu. Naye anakumba chitsime, chozama kuposa cha a Telala. Chilimwe chotsatira chingwe cha a Telala chinayamba kuperewera.

"Wandibera madzi," anatero a Telala, ndipo mlandu unathera pomwepo wopanda mboni. Anadzala mpanda waminga, moni anasiya. Akazi awo akafuna kuona mchimwene wawo ankazungulira kumsewu ngati akupita kokagula mchere. Zaka zinapita choncho, mpaka onse atatu anamera imvi.

Mwana wawo wachisamba anaphunzira kwambiri, ndipo amagwira ntchito yofufuza mmene madzi amayendera pansi pa nthaka. A Telala ankayembekezera kuti sukulu yonseyo ithera mu ofesi ya makapeti. Koma mtsikanayo amangokhalira m'matope, nsapato zamphira kumapazi. Atabwera kutchuthi anapeza mayi ake akulira chamumtima, chifukwa amalume ake anali atadwala mwezi wathunthu, bambo ake osakawazonda n'komwe. Ulendo wotsatira anabwera ndi botolo la utoto ndi timatumba ta makala.

"Bambo, utoto uwu siwoopsa. Ndithira m'chitsime mwanu. Makalawa ndiviika mwa amalume, amayamwa utoto ngakhale wochepa woti maso sangauone. Ngati madzi anu amapitadi kumeneko, tidziwa."

"Utotowo ukatuluka kumeneko, akwirire chitsime chakecho!"

"Nanga ukapanda kutuluka?" anafunsa akazi awo ali pakhomo la khitchini.

A Telala anaseka mpaka kutsokomola. "Ndidzapita ndi miyendo yanga iyi kukamupatsa moni."

Amalumewo nawo sanavomere msanga. "Makala m'chitsime changa? Bambo ako akutuma kuti undiwotchere madzi?" Koma mwana wa mlongo wako sungamukanize, analola.

Chimene a Telala sanaganizire n'chakuti chitsime chawo chikhala chobiriwira ngati msipu kwa masiku ambiri. Woopsa kapena wosaopsa, tiyi wa mtundu umenewo palibe anamufuna. Akazi awo anasenza ndowa, nadutsa pachipata cha mchimwene wawo masanasana, mutu uli m'mwamba. Atabwerako anawaikira amuna awo kapu patebulo la makina.

"Madzi a wakuba uja awa. Mumwa?"

A Telala anayang'ana kapuyo nthawi yaitali, kenako anagugudiza. "Ndi anga omwe. Angobwerera kwawo."

Masabata amenewo ntchito inawonongeka. Ankasoka diso limodzi lili pa singano, lina lili pa mpanda, kudikira kuti ndowa ya mlamu ituluke yobiriwira. Mphunzitsi wina anatenga buluku lake matumba atasokedwa chadodolido. Mtsikana uja m'mawa uliwonse ankatsitsa tepi m'zitsime zonse ziwiri, kuyeza pamene madzi afika.

"Utoto wakowo ndi waulesi," anadandaula a Telala.

"Madzi apansi si minibasi, bambo. Amatsata ming'alu ya m'miyala pang'onopang'ono, ndipo mpanda wanuwo saudziwa."

"Ndinakulipirira sukulu kuti udzandiuze zimenezo?"

Yankho silinachokere kumene ankayang'ana. Tsiku lina woumba njerwa wa kumunsi kwa chitunda anatulukira ali wefuwefu, atanyamula chidebe cha madzi obiriwira, kufunsa amene wamuthirira zachilendo m'nkhuti yake, dzenje limene amakumbamo dothi. Mtsikanayo anathamangira komweko. Anapeza madzi akuchucha pamng'alu wa m'khoma la dzenjelo, obiriwira bwinobwino. Makala a kwa amalume atapita nawo kukapimidwa, anapezeka opanda utoto ngakhale kadontho.

Anawakhazika pansi bambo ake n'kuwafotokozera mofatsa. Dzenje lija linadula njira ya madzi. Likamakula, madzi a m'chitunda chonse amatsetserekera mmenemo, ndipo chitsime cha amalume nachonso chimatsika chilimwe chilichonse, kungoti n'chozama.

A Telala anangopukusa gudumu la makina opanda nsalu. Munthu ukasunga mkwiyo zaka zonsezo umasanduka ngati mpando wako wapakhonde, wina akauchotsa umasowa pokhala. Akazi awo anangowabweretsera nsapato.

Anavala pang'onopang'ono, kumanga zingwe ngati akupita kumanda. Atafika pachipata anaima, nkhope yawo n'kuwala mwadzidzidzi.

"Mwanawe, dzenje limeneli analiyamba liti?"

"Akuti chaka chimene amalume ankamanga."

"Njerwa zoyamba zinali za nyumba ya yani?"

Mtsikanayo anagwira kumutu. Bambo ake anali atanyamuka kale, akuyenda ngati mnyamata.

"Odi kuno! Mwadzuka bwanji, alamu?" Mawuwo anamveka mpaka kumsewu. "Moni wanu ndi ameneyo, ndapereka. Tsopano tulukani mundiuze, anakutumani ndani kumanga nyumba ya njerwa zambiri chonchi?"

"Inu a Telala, mwakalamba ndi uchitsiru wanu womwewo! Khalani pansi apa ndikuyankheni bwino."

Mpando unakokedwa pakhonde. Mayi aja anamvetsera amuna awo ndi mchimwene wawo akulalatirana, wina osadikira mnzake kumaliza, kenako anauza mwana wawo kuti atenge ndowa zonse ziwiri akatunge madzi kwa amalume ake, popeza mkanganowo sunkaoneka kuti utha dzuwa lisanapendeke.