Amai pa Chikwangwani cha Filimu

Ndikukumbukira chaka chimene a Zuze anaoloka mtsinje kuchokera ku Zumbo, nkhondo itawathamangitsa kwawo. Anafika pa Feira ndi bulangete limodzi, zitini za penti ndi mabulashi omanga ndi luzi. Ine sukulu inali itandikana kale, kapena ndine ndinaikana, mlandu umenewo sunaweruzidwe mpaka lero. Choncho ndinkaswera pansi pa mtengo wa masau kuseri kwa maliketi, maso ali pa manja a mlendoyo, chala changa chikutsanzira pafumbi.

Ntchito yawo inali kujambula zikwangwani. Bandi ikamabwera kuchokera ku Lusaka, kapena lole ya filimu ikamayandikira, mwini holo yoonetseramo zimenezi ankawapatsa masaka a ufa osokedwa pamodzi kuti ajambulepo. Filimuyo a Zuze sankaionera kaye. Ankangouzidwa kuti muli mwamuna wa mfuti, mkazi wokongola ndi kavalo, chabe. Kavalo wawo ankafanana ndi mbuzi yokhuta, koma nkhope, abale anga! Nkhope ankazitola pamaliketi pomwepo. Ukadutsa lero ndi dengu pamutu, mawa upezeka pakhoma ukuliza gitala. Fungo la penti ndi palafini linkasakanikirana ndi la nsomba zouma, ndipo kwa ine linkaposa la nyama yowotcha.

Tsiku lina m'mawa ndinapeza anthu ataunjikana pa holo, ena atagwira nthiti, ena atagwira pakamwa. Mwamuna wa mfuti pachikwangwani anali a Fulansisko, msodzi amene anakwatira mlongo wanga Malita. Ndipo mkazi amene mwamunayo anamunyamula m'manja, khosi litawerama, milomo ili psuu ngati tomato, anali amai anga.

Inu a masiku ano mwina simukuona vuto. Kwathu mkamwini akaona apongozi panjira amalowa m'tchire, ngakhale muli minga. Sadyera pamodzi, sayang'anana m'maso. A Zuze, pokhala mlendo, sankadziwa kuti uyu ndi ndani wa uyu. Alamu anga atangoona anathamangira kumtsinje, n'kupalasa bwato osacheuka. Malita anali kulira kunyumba. Atate anafika thukuta lili kamukamu, akukuwa kuti apita kupolisi, munthu uyu abwezedwe kumene anachokera. Kumeneko n'kumene mfuti zinkalira, tonse tinkazimva mphepo ikawomba kuchokera kutsidya.

A Zuze anagwada m'fumbi, akuwomba m'manja. "Pepani, atate anga, sindinadziwe. Ndifafaniza zonse."

Pamenepo amai anafika, anthu n'kuwapatsa njira. Anaima nthawi yaitali akuyang'ana. Chibadwire anali asanajambulidwepo, ndipo kagalasi kathu kapanyumba kankaonetsa diso limodzi pa nthawi.

"Ndine uyu?"

"Ndinu, mai," anayankha a Zuze.

"Ine musandikhudze. Chotsani mwana wa eni akeyo. Muikepo awa akulongolola apawa, ndiwo anandifunsira. Aphunzireko kundinyamula."

Maliketi yonse inagwa ndi phwete. Posachedwa atate anali atakhala pa chitini cha palafini kuti awajambule, akung'ung'udza za polisi uku akubweza mimba m'kati.

Koma a Zuze ankaopa kuwayang'anitsitsa, poti maso a atate ankawalasa. Nkhope inkatuluka ya munthu wina. Ine sindinathe kudziletsa.

"Mwalakwa. Khutu lamanzere n'lopindika, ndiye pano pali dzino losowa."

A Zuze anandiyang'ana, kenako anandipatsa bulashi. "Atate ako uwadziwa ndiwe. Ika."

Aka kanali koyamba kugwira penti. Inali yolemera ndi yoterera, yosiyana ndi fumbi langa, ndipo inkatsata dzanja ngati galu wodziwa mbuye wake. Nditapinda khutu lija, atate anatulukira pansaluyo amoyo. Anthu anakuwa. Eniake anadzuka, anayang'ana chammbali, n'kundinong'oneza kuti, "Iwe, onjezako tsitsi."

Kupolisi sanapiteko. Anaswera pafupi ndi holo masiku onse a filimuyo, akupereka moni kwa aliyense wodutsa. Alamu anabwera ndi nsomba zopepesera mlandu umene sanapalamule, ndipo a Zuze anakalambira pa Feira pomwepo. Ine kuyambira tsiku limenelo ndinakhala wa penti. Ndajambula mabwato, magolosale ndi mashabini kuchokera pa Boma mpaka ku Katondwe, ndipo theka la nkhope zili pamenepo eniake sanandiloleze.

Manje zikwangwani zimabwera zodinda ndi makina, zonyezimira, za anthu amene sitidzakumana nawo. Palibe amene zimamukwiyitsa, palibenso amene amathawira kumtsinje. Adzukulu anga amajambula ndi foni asanakupatse n'moni womwe. Ine maso afooka, mabulashi anauma m'chitini. Koma mukandipeza pamaliketi ndikukuyang'anitsitsani, musaganize kuti nkhalamba yakukondani. Ndikuba mphuno yanu.