Dzina la Abwana pa Bolodi

Mayi Inki anapatsidwa dzinali chifukwa cha zala zawo. Atagwira ntchito yosindikiza kwa zaka makumi awiri, inki inalowerera m'zikhadabo moti sopo anachita kugonja. Anayamba ali mtsikana, kupinda mapepala pakampani ya eni. Tsopano anali ndi shopu yawoyawo ya zipinda ziwiri, makina atatu ndi antchito anayi, kuphatikizapo mlamu wawo, wodula mapepala.

Pakhoma, pafupi ndi ketulo, anakhomapo bolodi. Wolakwitsa ntchito ankayenera kulembapo dzina lake ndi chimene walakwitsa, kuti anzake asagwere m'mbuna yomweyo. Antchito ankadana nalo. Mlamu ankalitchula kuti khoti, ndipo chinthu chikalakwika aliyense ankaloza makina.

Lachitatu lina m'mawa kunatulukira bambo wina, thukuta lili kamukamu, atanyamula makadi a ukwati wa mwana wake. Makadi mazana atatu, onse tsiku lolakwika! Anayamba kukalipira mayi wotayipa pakompyuta.

Mayi Inki anatulutsa pepala la oda m'dirowa. Atangoliyang'ana, nkhope inagwa. Bamboyo ananena 17, koma dzanja lawo lomwe linalemba 11. Pepalalo panalibe wina analiona, akanatha kungolibweza mwakachetechete.

"Bambo, musiyeni ameneyu," anatero. "Wolakwa ndine. Pepani kwambiri. Mubwere folo koloko, makadi anu mudzawapeza."

Bamboyo atatuluka, Mayi Inki anatola choko n'kupita pabolodi.

"Alamu," anatero mlamu uja, "lembani zilembo zikuluzikulu, maso angawa anakalamba."

Onse anafa nacho chiseko, Mayi Inki misozi mpaka m'masaya. Kenaka abwanawo anavala epuloni, n'kukhala pabenchi kupinda makadi ngati kale. Tsikulo nkhomaliro anadyera chiimire. Bambo uja atabwerako, anawerenga tsikulo mokweza kawiri, n'kupatula khadi limodzi.

"Ili ndi lanu nonse," anatero. "Musalephere."

Kunyumba Mayi Inki atafotokoza, amuna awo anapukusa mutu. "Zaka zonsezi m'banja muno mawu akuti wolakwa ndine sindinawamvepo. Kani mumakawanenera kuntchito?"

"Inu mukayamba, ine nditsatira," anayankha akuvula nsapato.

Patatha sabata, wotayipa uja anabwera yekha kutebulo la Mayi Inki kudzanena kuti wadumpha mzere pa malisiti a kasitomala wina, ntchito isanapite pamakina. Mlamu naye anavomera kuti mpeni wodulira anaubunthitsa ndi iyeyo, ngakhale anawonjeza kuti mpeniwo unali wamwano kale. Mayi Inki sanakalipe. Anafunsa chabe kuti, "Ndiye tikonza bwanji?"

Ku ukwati kuja anapita onse. Mayi Inki anakhala mpando wakumbuyo, atagwira mkono wa amuna awo, akuonerera mlamu akuvina mpaka jekete kung'ambika kukhwapa.