Ndiwo za M'mawa

Titasamukira ku Nkhata Bay, adokotala anauza amuna anga kuti shuga wakwera, asiye mandasi a m'mawa. Mnzanga wa kuntchito anandiphunzitsa chakudya chomwe anachiona pafoni: mazira, mkaka, anyezi, tomato ndi masamba, zonse kuzithira pa mtanda wopyapyala wa fulawa.

Uvuni ndinalibe, choncho ndinachiphika ngati chigumu, poto pa mbaula, makala ena pa chivundikiro. Bonongwe ndinagula kumsika, kwa mayi wina amene ankandiyankha m'Chitonga ngakhale ndifunse m'Chichewa. Chakudyacho chinapsa bwino, chofiirira m'mbali, ndipo ndinachidula ngati keke.

Bambowo anasamba m'manja, anakhala pansi, n'kumangochiyang'ana mpaka tiyi anayamba kuzizira.

"Bwanji simukudya?" ndinawafunsa.

"Ndikudikira," anatero. "Ndiwo ndaziona. Nanga chodyera chake chili kuti?"

Ndinawauza kuti chakudya chonse n'chomwecho. Anadya mwaulemu, anathokoza, n'kunyamuka. Ndili pakhomo ndinawaona ataima kwa mayi wogulitsa chinangwa chowiritsa, pamsewu wopita ku boma.

Mpaka lero ndimachiphikabe Loweruka lililonse, koma chinangwacho ndimawiritsa ndekha.