Foni yanga mu mpunga wa ku Lifuwu

Tadala mng'ono wanga, lero chakwana chaka chitisiyire iwe, koma ndikadali nawe ndi mlandu. Anzako akuika zithunzi zako pano pa intaneti, ine ndilibe n'chimodzi chomwe cha ulendo wathu wa ku Salima. Wolakwa ndiwe. Unanditengera kunkhalango yosungira nyama ija kuti ndikapume, koma tisanalowe n'komwe pageti abwana anga anali ataimba kanayi. Unanditsomphola foni, n'kuikwirira m'thumba la mpunga umene tinagula ku Lifuwu, n'kukiya galimoto. Ndinakalipa: "Iwe, ukudziwa kuti ukuchita zimenezi kwa munthu wa madigiri awiri?" Unangoti: "Mbidzi sizifunsa satifiketi, achemwali. Tiyeni." Tinayenda mpaka mapazi kutupa. Kenako ndinagona pansi pa mlambe kukamwa kuli yasa, iwe ukundiingitsira ntchentche. Tulo totero sindinatipezenso.

Chaka chonsechi ndakhala ndikubisala mu ofesi, kudzikundikira ntchito poopa kulira. Zakwana. Tchuthi ndapempha, ndipo abwana akwiye asakwiye, Loweruka ndikupita komweko ndekha. Ndikakhala pansi, ndikakulira bwinobwino mpaka misozi ithe. Ondifuna andipeza ndikamaliza.