Tsiku Limene Njinga Zamoto Zinalima Bwalo la a Mwanza

Ntchito yanga yoyamba ku London ndinaipeza ndikudikira basi. Mkazi wanga anali nesi ku Greenwich, ndipo ine ndinamutsatira nditasiya uphunzitsi ku Zomba. Miyezi inkangopita ndili khale m'fulati ku Thamesmead. Tsiku lina ndikuyankhula Chichewa pafoni, bambo wina wamtali, waimvi, atakolekera chikwama cha ndodo zomenyera mpira, anandigwira paphewa.

"Ndimwe a ku Malawi imwe? Muziba kusebenzesa reki?"

Amenewo anali a Mwanza, a ku Zambia, ndipo ankafunsa ngati ndimatha kugwiritsa ntchito reki. Anabwera ku Mangalande ali mnyamata, nalowa upolisi, ndipo anayenda m'misewu ya kummwera kwa London mpaka kupuma. Besibolo, masewero omenya mpira ndi ndodo, anaiphunzira ali mwana ku migodi ya ku Kitwe. Atapuma anayambitsa timu ya ana a m'mafulati athu, osalandirapo kalikonse. Makolo a anawo ankafuna munthu wosamalira bwalo, ndipo munthuyo ndinakhala ine.

Masewerowo sindinkawadziwa, koma bwalo ndinalidziwa msanga. Loweruka lililonse ndinkayamba ndi kusalaza dothi lofiira la pakati ndi reki, kenako kukoka chiguduli cholemera kuti pasatsale mabampu. Chitunda chimene woponya mpira amaimapo ndinkachiwaza madzi, kuthira dongo m'maenje okumbidwa ndi nsapato, n'kusinja ndi chitsulo chophwatalala. Mizere inkafuna chingwe ndi zikhomo: kukunga chingwe, n'kuyendetsa kangolo ka laimu pambali pake. Ndikakhotetsa, a Mwanza ankagwada, kutsinzina diso limodzi, n'kuseka.

"A Banda, mzere uyu wamwa mowa. Yambani futi."

Chaka changa chachiwiri ana athu anafika mu fainolo koyamba, yokumana ndi timu ya ku Croydon pabwalo lathu. Sabata yonse mtima unali dyokodyoko. Koma nditafika m'mawa wa tsikulo, ndinapeza bwalo litawonongeka. Usiku anthu anadutsa pampanda ndi njinga zamoto n'kuzungulirazungulira pakati pa bwalo. Dothi linali ngati munda wogalauza, chitunda chitaphwasuka mbali imodzi. Woimbira masewero akapeza bwalo lotero amathetsa zonse, ndipo chikho chikanapita ku Croydon ana athu osagwira n'komwe mpira.

Ndinaimbira a Mwanza nthawi yomweyo. Atafika ndinati, "Bambo, itanani anzanu apolisi."

"Apolisi sagwira fosholo," anatero. "Imwe yambani na chitunda. Nibwera."

Analowera kumafulati. Ine ndinayamba kututa dongo ndi wilibala, ndikudziwa kuti ndekha sindingathe. Posakhalitsa ndinamva phokoso. A Mwanza ankabwera patsogolo, kumbuyo kwawo anyamata akuluakulu atatu atazyolika, ndipo kumbuyo kwenikweni mayi wa mmodzi wa iwo atavala gauni yogonera, akuwakalipira m'Chingerezi cholimba. Anyamatawo ndiwo anali eni njinga zija; anthu onse a m'deralo ankawadziwa, ndipo a Mwanza ankadziwa makomo awo ndi amayi awo omwe. Sanawaopseze. Anangowauza kuti m'timumo muli alongo ndi ang'ono a anzawo, n'kuwapatsa mafosholo.

"Abwana ndi aba," anatero akuloza ine.

Nkhani inafalikira. Makolo anatsika ndi ndowa, mareki a m'dimba, wina mpaka thabwa la kabati losalazira. Manesi anzake a mkazi wanga ochokera kuntchito anavula nsapato n'kuyamba kupondaponda dothi akuimba nyimbo za kwaya. Ine, amene ndinkachita manyazi kufunsa njira m'basi, ndinapezeka ndikulamula gulu lonselo: awa kukwirira ngalande za matayala, awa kuwaza madzi, awa kusinja. Mmodzi wa anyamata aja, Jermaine, anatuluka matuza m'manja koma anakana kusiya chitsulo chosinjira.

Basi ya a ku Croydon inkalowa pageti ndikumaliza mzere womaliza. Woimbira anayenda bwalo lonse, kuponda apa, kudumpha apo, nakwera pachitunda. Kenako anakweza chala chachikulu, ndipo nthungululu za amayi zinamveka mpaka kumafulati.

Masewerowo anali othina mpaka kumapeto. Mtsikana wina wa m'timu yathu, mwana wa mnzathu wa ku Dedza, anamenya mpira umene unadutsa pamwamba pa onse, nathamanga kuzungulira bwalo n'kudziponya chafufumimba padothi lomwe tinali titangosinja. Tinapambana. Ndinadumpha mpaka kugwetsa kangolo ka laimu, ndipo a Mwanza, munthu amene sindinamuonepo akuthamanga, anathamanga.

Madzulo tikusonkhanitsa zipangizo ndinawafunsa chifukwa chake sanawapereke anyamata aja kupolisi. Anati paupolisi anatsekera anthu ambiri, koma sanaonepo selo ikubweza chinthu chowonongeka.

A Mwanza anamwalira patapita zaka zingapo, akadali kuphunzitsa ana. Ine lero ndimasamalira mabwalo a sukulu ina ku Croydon, ndipo zowonongeka ndimazipeza kawirikawiri. Mkwiyo umabwera ndithu, koma ndimayamba ndadzifunsa kuti chofunika kupulumutsa lero n'chiyani, nanga manja othandiza ali kuti. Nthawi zambiri manja amene ali pafupi amakhala omwewo amene awononga.